Filimu ya pa Lizulu ndi funso la agogo

Sabata ino aphunzitsi a Chichewa anatipatsa ntchito yoti tisankhe nkhani iliyonse, ngakhale ya mufilimu, n'kuona ngati tsatanetsatane wake akugwirizana. Ine ndinasankha filimu imene tinaonera Loweruka m'kanyumba ka vidiyo pa Lizulu, ija yomasuliridwa m'Chichewa, womasulira wake akuonjezamo nthabwala zake mpaka kuphimba mawu a osewera.

Mufilimuyi, mtolankhani akutulukira kuti akuluakulu a boma anapha mnzawo n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Apolisi akudziwa, dokotala woyeza mtembo akudziwa, dalaivala, mlonda, ngakhale mayi wotaipa makalata. Ndinawerenga anthu opitirira 20. M'kope mwanga ndinalemba motsimikiza kuti nkhaniyi ndi yosamveka, chifukwa chinsinsi cha anthu ochuluka chonchi sichingagone usiku umodzi. Kwathu kuno mbuzi ikangosowa m'mawa, pofika masana msika wonse wadziwa amene waiba.

Madzulo ndikuwerengera agogo aamuna zimene ndinalembazo, anasiya kukazinga chimanga n'kundifunsa: "Iwe, za ku Mwanza unaphunzira?"

Mu Meyi 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya pamsewu. Panadutsa zaka zoposa 11 kuti komiti yofufuza, imene inakhazikitsidwa ulamuliro utasintha mu 1994, inene poyera kuti anthuwa anachita kuphedwa. Agogo akuti ambiri ankanong'onezana, koma wolankhula mokweza ankadziwa kumene akathere.

Ndinafufuta ndime yanga yonse. Kuchuluka kwa odziwa chinsinsi si kumene kwaononga filimu ija. Vuto n'lakuti sikutionetsa chimene chikuwatseka pakamwa. Dokotala uja akuseka, akumwa tiyi, palibe womuopseza, palibe ndalama imene walandira, mwana wake sali m'manja mwa aliyense. Ndiye akubisiranji? Wolemba anangofuna kuti mtolankhani avutike kwa maola awiri basi. Ndipo pampondachimera, pamene wamkulu wa chiwembu akuulula zonse yekha mfuti ili m'manja m'malo mongowombera, ngakhale womasulira uja anati, "Bwana, mukuchedwa!"

Lolemba ndikapereka masamba awiri, ndipo theka la tsamba loyamba ndi mawu a agogo.