Ndiwo ya agogo a ku Leicester

Mayi akunyumba amati chinandipweteketsa ndi umbuli. Ine ndimati ndi mtima wabwino. Muweruze nokha.

Titafika ku Leicester, ku England, tinapeza nyumba yogundana khoma ndi ya agogo ena achizungu, a zaka zopitirira 80, omwe ankakhala ndi akazi awo komanso mphaka wonenepa ngati thumba la ufa. Ndikaweruka ankandiyitanira pampanda kuti ticheze. Nkhani zawo zinali ziwiri basi: mawondo awo ndi ma crisps, tchipisi touma ta m'mapaketi tija. Musawadabwe. Kampani ya Walkers kwawo ndi mumzinda womwewu, inayamba kukazinga mbatatesi mu 1948, agogowo akuvala kabudula.

Tsiku lina anandipatsa paketi. Potsegula ndinapezamo kathumba kabuluu. Ndinati eya, ndi timankhwala ta chinyezi tija timakhala m'bokosi la nsapato. Ndinakaponya m'bini mwakachetechete, n'kutafuna paketi yonse yopanda mchere, uku ndikugwedeza mutu kuti zikukoma. Agogowo anaseka mpaka kugwira mano awo oyikirira kuti asagwe. Kathumba kaja ndiko kanali mchere.

Apa m'pamene sukulu inayambira. Akuti mu 1920 mkulu wina, Frank Smith, ankakazinga ma crisps m'galaja ku Cricklewood, mu London, n'kumaika m'timatumba ta pepala losalowa mafuta. Mchere ankaukulunga pakapepala kabuluu, kopotokola ngati ka siwiti, kuti wogula athire yekha n'kukhutchumula. Agogowo akuti ali mnyamata, mumdima wa m'nyumba ya kanema, ankakatafuna kapepalako osadziwa, kenako n'kumalavula mchere filimu yonse. Zoti tchipisi tizibwera tokoleretsa kale zinayamba mu 1954, pamene Joe Murphy wa kampani ya Tayto ku Dublin anatulutsa ta tchizi ndi anyezi.

Kenako anausa moyo, maso ali kumwamba.

"Koma zonsezi n'zachibwana, mwana wanga. Ma crisps enieni anali a hedgehog. Anasiya kupanga. Ndidzafa osawalawanso."

Nditalowa m'nyumba ndinafufuza pafoni kuti hedgehog n'chiyani. Kanungu! Mtima wanga unati myaa. Ine amene kuntchito anzanga anachita tsinya nditawafotokozera za mbewa zapandodo zogulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 kwathu ku Malawi, lero ndapeza mzungu wodya zam'tchire. Ndinauza mayi akunyumba kuti agogo aja ndi anthu athu, khungu lokha ndilo linasochera. Iwo anangoti, "Bambo a Chisomo, zanu zija mwayamba," n'kutembenukira kukhoma.

Patapita masabata angapo, usiku wina mu Sepitembala ndikuchokera kuntchito, ndinamva tswa tswa tswa kuseri kwa mabini. Kuwunika ndi foni, kanungu kali tong'o, kakununkhiza nkhono. Ndinaona kuti Mulungu wamva kulira kwa nkhalamba.

Nzeru zosakira mbewa sizigwira pa kanungu. Nditangoyandikira kanadzipinda kukhala mpira, ine n'kukagwira ndi manja awiri ngati goloboyi. Mayo ine! Ululu wake unafika mpaka m'mano. Ndinaluma mlomo kuti ndisadzutse mzere wonse wa nyumba, ndinathamangira pachingwe, n'kuyanula chitenje cha mayi akunyumba, chija amasungira ukwati ndi chinkhoswe. Ndinakakulunga, n'kukaika m'ndowa yochapira, pamwamba n'kuvundikira beseni. Usiku umenewo ndinagona manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi, koma mumtima ndikuimba.

Mamawa ndinagogoda kwa agogo, ndowa kumanja, kumanzere kabotolo ka tsabola wa kambuzi. Mphatso ya ndiwo siyenda yokha.

"Agogo, misozi yanu yatha. Muwawula nokha kapena ndikuwawulireni?"

Ndinavundukula beseni. Gogo wamkazi, amene anasuzumira kumbuyo kwa amuna awo, anakuwa mfuwu woti makatani a nyumba zitatu anagwedezeka. Kanungu kameneko amakadziwa. Akhala akukapatsa chakudya cha mphaka chilimwe chilichonse kwa zaka zitatu, anakaboolera kadzenje pampanda kuti kazidutsa, ndipo kali ndi dzina. Ine ndinali nditagwira mwana wa m'nyumba, n'kubwera naye kwa makolo ake ndi tsabola.

Agogo aamuna anakhala pansi pakhomo, misozi ili chuchuchu, koma ya kuseka. Atapezako mpweya anandifotokozera. Ma crisps aja anawayambitsa mu 1981 Philip Lewis, mwini bala ku Welshpool, ku Wales, poyamba ngati nthabwala chabe. Munalibe kanungu ngakhale munga umodzi, ankangokoleretsa ndi mafuta a nkhumba ndi timasamba tonunkhira. Ndipo mlandu umene kampani yake inakumana nawo sunali wopha tinungu, unali wonamiza anthu kuti muli kanungu pomwe mulibe. Unatha posintha liwu papaketi, "flavoured" n'kukhala "flavour", kutanthauza kuti n'kakomedwe chabe, kanungu mulibe. Zilembo ziwiri zokha. Ine zilembo ziwirizo palibe anandiuza.

Gogo wamkazi sanaseke. Anandiwerengera pazala kuti malamulo a dziko lino amateteza tinungu, ndiponso kuti mu 2020 tinaikidwa pamndandanda wa nyama zomwe zili pachiopsezo chotha ku Britain. Ndinkangoti pepani agogo, pepani agogo, kabotolo ka tsabola nditakabisa kumbuyo. Anandiperekeza mpaka kuseri kwa mabini, n'kuimirira pomwepo kufikira kanungu katadziwongola ndi kulowa pansi pa mpanda, osatembenuka n'komwe.

Kunyumba mlandu wina unkandidikira. Chitenje chija chinali chitabooka malo asanu, komanso chitadzaza utitiri. Mayi akunyumba anachinyamula ndi ndodo ya mopu, n'kundifunsa mwaulemu wowopsa ngati ku Leicester kuli msika wa zitenje.

Agogo aamuna mpaka lero amandiyitanira pampanda, ndipo akandipatsa paketi amayamba aloza kathumba kabuluu, n'kunena pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade 1 kuti, "Mchere." Koma gogo wamkazi akangomva mawu anga amasiya chilichonse, n'kunyamula mphaka wawo, kulowa naye m'nyumba, ndipo ndimamva loko akuti khethe.