Kuthokoza abambo a mumpingo mwathu ku Zomba

Ndikufuna kuthokoza abambo a mumpingo wathu wa CCAP kuno ku Zomba, amene anandigwira mkono pamene mayi a kunyumba anagonekedwa m'chipatala dzinja lapitali, atachitidwa opaleshoni pobereka mwana wathu wotsiriza.

Ambiri anapempha kuti ndisawatchule mayina, ndipo ndikulemekeza pempho lawo, koma ntchito zawo sindingazibise. Abambo awiri a m'kwaya anapalira ndi kubandira chimanga changa ine ndili kuchipatala. Mkulu wina wa mpingo, amenenso ndi nkhoswe ya banja lathu, ankabwera madzulo kudzakhala ndi ana anga aamuna, kuwathandiza ntchito ya kusukulu ndi kupemphera nawo. Ndiwonso anandiimika pa mafuwa n'kundiphunzitsa kuphika phala la wodwala, akundiuza kuti mawu a pa Aefeso 5:25, olamula amuna kukonda akazi awo monga Khristu anakondera Mpingo, amafika mpaka kukhitchini ndi pa beseni lochapira matewera. Amayi a Mvano nawonso ankasinthana kugona pambali pa wodwalayo usiku, popeza ine sindikanaloledwa kugona m'wodi ya amayi.

Chifukwa cha thandizo limeneli ndinatha kusamalira mayi a kunyumba masiku onse ovutawo popanda nkhawa ya munda kapena ya ana. Panopa iwo akuyenda okha, khanda likuyamwa bwino, ndipo mwana wanga woyamba, amene kale ankati kutsuka mbale n'kwa atsikana, amatsuka yekha ndi kutunga madzi asanapite kusukulu. Ambuye akudalitseni, abale anga.