Kadroni kaima phee mu holo, patatha masiku 6 ndikulimbana nako

Dzulo cha m'ma 3 koloko masana kadroni kanga ka mtundu wa Mini 2 kanaima m'malere mkati mwa holo osasuntha. Ndinachotsa zala pa rimoti n'kuwerenga mpaka 60, iko kali phee pamalo amodzi, mamita awiri kuchokera pansi. Mlamu wanga amene ankandigwirira chitseko anachita kuwomba m'manja. Inu amene mwayesapo kuulutsa pansi pa malata mukudziwa chifukwa chake ndikulemba usiku uno.

Nkhani yake ndi ya ukwati wa mwana wa mlongo wanga mwezi wamawa. Madyerero adzachitikira mu holo ina ku Katoto, ndipo chimene ndikufuna ndi chithunzi chimodzi chokha: kamera ilowe pakhomo, iyende pang'onopang'ono pakati pa matebulo okongoletsedwa mpaka kutsogolo kokhala akwati, alendo asanafike. Pamwamba pa mitu ya anthu sindiulutsa, kaya wina andichonderere bwanji. Panja kuno ku Mzuzu timavutika kale chifukwa bwalo la ndege lili m'tauni momwemo, ndiye ndikafuna kuulutsa ndimatuluka kutali cha ku msewu wa Nkhata Bay, ndipo kumenekonso nkhungu ndi mvula yowaza zimandibweza kawirikawiri. Ndinkaganiza kuti m'nyumba mukhala mophweka poti mulibe mphepo.

Tsiku loyamba kanangonyamuka n'kuyamba kutsetsereka kulowera kumawindo. Masatelaiti a GPS amene kankawagwira anali 3 okha, nthawi zina 4, kenako pa foni panabwera uthenga woti kalowa mu ATTI, kutanthauza kuti sikangathenso kudziimitsa kokha pamalo amodzi. Ndinakabweza, kanapitirira mbali inayo, mapulopela awiri anathera pakhoma.

Apa ndi pamene ndinatayira masiku. Mtima wanga wonse unali pa kampasi, poti holoyo ili ndi zitsulo zambiri kudenga ndi m'zipilala. Ndinaichita calibrate, ndiko kuti kuitcheranso kuti iziloza molondola, panja pa udzu katatu konse. Ndinachitanso ya IMU, sensa imene imamva kupendekera ndi kusuntha kwa kadroni, patebulo la kunyumba, nditayeza kaye ndi levulo ya mmisiri kuti lili lowongoka. Ndinasintha mapulopela onse, awiriawiri pa injini iliyonse ndi masikuluwu ake atsopano, ndikusamala kuti okhala ndi chizindikiro apite pamalo pake. Kubwerera ku holo, kutsetsereka kuja kuli pomwepo. Lachinayi ndinagona ndi maganizo oti mwina sensa ya pansi inawonongeka pamene kanagunda khoma, ndipo ndinayamba kuwerengera ndalama zoti ndikatumize kokonzetsa.

Chimene chinanditsegula maso ndi mawu a mlonda wa paholopo, bambo wachikulire amene wakhala akunditsegulira tsiku lililonse. Ndikulongedza katundu anati, "Bambo, muziyenda bwino, pansipa amayi apaka polishi m'mawa uno, pakuterera." Ndinayang'ana pansi. Simenti yofiira ija inali kunyezimira moti mawindo onse ankaoneka m'menemo ngati pamadzi. Kunyumba kanali kuima bwinobwino pabalaza, koma pabalaza panga pali mkeka.

GPS ikasowa, kadroni kamadalira kakamera kakang'ono ka kumimba kamene kamayang'ana pansi n'kumatsata timizere ndi timadontho kuti kadziwe ngati kakusuntha, pamene infrared ikuyeza kutalika. Zili ngati mausi ya kompyuta: iikeni pagalasi muone ngati iyenda. Pansi pakakhala pa mtundu umodzi, ponyezimira, kamerayo ilibe chogwira. Buku lake limanena poyera kuti pamafunika malo ooneka mawangamawanga ndi kuwala kopitirira 15 lux (muyezo wa kuwala). Ndinaliwerenga kale bukuli, koma ndinkaliwerenga ndi maganizo a panja. Ndinakumbukanso za chaka chatha ku gombe la Chikale ku Nkhata Bay, pamene ndinkajambula mabwato m'mawa kwambiri ndipo nditatsitsa kufupi ndi madzi kanayamba kukwera n'kutsika kokha. Matenda ake ndi omwewa.

Poyamba ndinathamangira ku msika wa Taifa kukagula zitenje zitatu za maluwa akuluakulu, ndikuti mawanga apezeka. Musayese zimenezi. Mphepo ya mapulopela inazikweza, nsalu n'kumayenda, kadroni n'kumatsatira nsaluyo poganiza kuti ndi nthaka ikuthawa. Kutsetsereka kwake kunaposa kwa pasimenti. Zitenjezo zapita kwa mayi a kunyumba, sizinatayike.

Imene yagwira ntchito ndi mikeka ya bango, yolemera ija. Tinabwereka 5 kwa amayi a kumpingo, tinaiyala motsatizana kuchokera pakhomo, ngodya iliyonse tinamata ndi tepi, ndipo m'mipata tinamata tepi ya pepala mopingasa pasimenti. Makatani onse tinatsegula. Kananyamuka, uthenga wa ATTI sunabwerenso.

Zina ndingodutsamo msanga poti ambiri mukuzidziwa. Zotchingira mapulopela ndavalika, ngakhale zimakweza kulemera kupitirira magalamu 249 amene kamalemera kokha ndipo batire silichedwa kutha. Ndikumatera likafika pa 30 peresenti. Ndikuyendetsa mu Cine basi, momwe kamayenda pang'onopang'ono. Mini 2 ilibe maso kutsogolo kapena m'mbali, ndiye khoma ndi chipilala woziona ndi iwe mwini. Kusiling'i musayandikire, mpweya wa pamwamba pa mapulopela ukachepa kamakokedwa n'kukamatirira komweko. Koma ichi chokha ndikupemphani, chitani musananyamuke: lowani mu Safety pa foni musinthe zimene kazichita siginolo ya rimoti ikaduka, muike Hover, kuti kaziima pomwepo. Mukasiya pa Return to Home, yoti kabwerere kokha pamene kananyamukira, kakhoza kuyamba kukwera kufuna mamita amene munaika muli panja, pamene denga lili pa mamita 5. Ine ndinazindikira tsiku lachitatu kuti yanga inali idakali pa mamita 40, ndipo thupi linachita tsembwe.

Za kanema, magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho ndikujambula pa 25 fps (zithunzi 25 pa sekondi), shutter (nthawi imene kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse) pa 1/50 ya sekondi. Pa 30 fps mababu a machubu aja ankatulutsa mizere yoyenda pachithunzi. Komabe sindikufuna kudalira mababu. Magetsi atati azime kali m'malere madzulo, kamera ya pansi ija ichita khungu nthawi yomweyo. Ndijambula dzuwa lili pamutu, kuwala kukulowa m'mawindo.

Mapulopela ndatsala ndi seti imodzi. Amene amandibweretsera ndi mnyamata wina woyenda pa basi ya ku Dar es Salaam kudzera ku Songwe, amachedwa koma sanandipatsepo zabodza, ndipo masikuluwu amabwera nawo m'kathumba kake. Ndamutuma maseti awiri ndi batire lina, ngati ndalama ya fetereza isandidyere zonse.

Chatsala n'chakuti mikeka ikuoneka pachithunzi kamera ikayang'ana kutsogolo. Okongoletsa akuti patsikulo adzayala kapeti pakati, koma ndi yofiira yopanda maluwa, ndiye vuto lija likhoza kubwerera. Mlamu akuti tidzamwaze maluwa a pepala, ine ndikuona kuti adzauluka ngati zitenje zija. Mwina tepi yofiirira pang'ono yodulidwa tizidutswa, yoti sensa ione koma diso la munthu lisaione. Ndiyesa Loweruka ngati atandibwereka kapetiyo.

Ukwati ukadutsa ndikufuna ndimange cinewhoop yangayanga, droni yaing'ono yojambulira ya mapulopela otchingidwa kale, ndiphunzire kuulutsa ndi magalasi a FPV, ovala kumaso oonetsa zimene kamera ya droni ikuona. Ndimalota kuiyendetsa m'tinjira ta mumsika waukulu mbandakucha, mabenchi adakali opanda anthu, ngati akuluakulu a msika atavomera. Maphunziro a ku African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, nawonso sakundichoka m'mutu. Amene muli ndi soldering iron (chowotcherera mawaya) yabwino kuno ku Mzuzu, ndiuzeni kumene munaipeza.