Mmene ndinalukira masokosi oyamba, kuchokera pakatumba kufika kuzala

Aliyense amene anakhalapo mu Blantyre m'miyezi ya Juni ndi Julayi akudziwa kuti chiperoni chikafika, ndi nkhungu yake yophimba mapiri a Soche ndi Ndirande komanso mvula yamawawa yomwe imatha masiku osakata, mapazi ndiwo amayamba kuzizidwa, makamaka m'nyumba zathu za simenti pansi. Amayi anga amakhala ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, ndipo chifukwa cha ukalamba akakolo awo amatupa, moti masokosi ogula amawathina n'kuwasiyira mizere pakhungu. Ichi ndicho chinandichititsa kuphunzira kuluka masokosi, ngakhale kuti kufikira nthawiyo ndinali nditangolukapo masikafu ndi tizipewa ta makanda, zomwe zimalukidwa ndi singano ziwiri mopita ndi kubwerera. Anandiphunzitsa ndi azakhali anga, omwe akhala akuluka kuyambira pa utsikana wawo, ndipo langizo lawo loyamba linali lakuti ndipeze kope ndi pensulo ndisanagule ulusi, chifukwa sokosi yachiwiri imafanana ndi yoyamba pokhapokha ngati manambala a yoyambayo analembedwa.

Ulusi umene umapezeka mosavuta m'masitolo a ku Limbe ndi mumsika wa Blantyre ndi wa acrylic. Ndi wotsika mtengo ndipo suvuta kuchapa, koma pa sokosi uli ndi vuto loti sumwa thukuta, kotero phazi likatenthedwa limanyowa. Ulusi wopangidwira masokosi kawirikawiri umakhala wa ubweya wa nkhosa magawo 75 pa 100, ndipo magawo 25 otsalawo ndi nayiloni yothandiza kuti chidendene chisabowoke msanga. Popeza wotere sindinaupeze pafupi, azakhali ananditumiza pa kaunjika kukafuna juzi yaubweya yoti timasule. Posankha juzi yotere muyenera kuwerenga kansalu kosokedwa mkati mwake kuti mudziwe ngati ndi yaubweya, kenako muitembenuze n'kuyang'ana msoko. Ngati manja ndi thupi zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa ndi kaulusi, juziyo imamasuka kukhala ulusi wautali, koma ngati m'mphepete munadulidwa ndi kusokedwa ndi makina, mudzangopeza tizidutswa tosathandiza. Ulusi womasula umakhala wopindikapindika, choncho tinaukulunga kumsana wa mpando kukhala nkhata, tinaumanga malo anayi, tinauviika m'madzi ozizira a sopo pang'ono, n'kuupachika pamthunzi mpaka unauma utawongoka. Wanga unali wonenepa ngati umene m'masitolo amaulemba DK, ndipo magalamu 100 amakwanira masokosi awiri a munthu wamkulu. Kwa woyamba ndikulangiza mtundu wowala, chifukwa pa ulusi wakuda masititchi, omwe ndi timalupu ta ulusi tokhala pa singano, saoneka bwino, makamaka madzulo magetsi akazima.

Sokosi imalukidwa mozungulira kuti isakhale ndi msoko, ndipo izi zimafuna singano zazifupi zosongoka mbali zonse ziwiri. Ine ndinagwiritsa ntchito zisanu za mamilimita 3.25, zinayi zonyamula masititchi ndi imodzi yolukira. Azakhali akuti pamene ankaphunzira ankadula masipoko a njinga n'kuwanola pamwala, ndipo njirayi ikadali yabwino kwa amene wasowa singano, kungoti sipoko ndi yopyapyala, pafupifupi mamilimita 2, motero imayenerana ndi ulusi wopyapyala komanso masititchi ambiri.

Ndisanayambe sokosi yeniyeniyo ndinaluka kansalu koyesera kuti ndidziwe mmene dzanja langa limakokera ulusi. Ambiri amalumpha gawoli poona ngati n'kutaya nthawi, koma manambala onse amachokera pamenepa. Pa kansalu kanga masititchi 24 anadzaza masentimita 10. Kenako ndinayeza phazi la amayi ndi tepi, ndipo pamene ndi lotambalala kwambiri, pafupi ndi zala, linazungulira masentimita 22, pamene kutalika kwake kuchokera kuchidendene kufika ku chala chachikulu kunali masentimita 24. Popeza choluka chimatanuka, sokosi iyenera kucheperako ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kuti igwire phazi osakhwepa m'nsapato. Choncho ndinawerengera masentimita 20, omwe anandipatsa masititchi 48. Nambalayi ndi yabwino chifukwa imagawika ndi 4, kotero singano iliyonse inalandira masititchi 12.

Poika masititchi oyambawo azakhali anandiuza kuti ndigwire singano ziwiri pamodzi, kenako ndisolole imodzi, kuti kukamwa kwa sokosi kukhale kotakasuka ndipo kusadye mwendo wotupa. Mphindi yofunika kusamala ndi yolumikiza sititchi yomaliza ndi yoyamba. Ndinayala singano zinayizo patebulo, ndinaonetsetsa kuti m'mphepete monse mwaloza mkati popanda kupotoka paliponse, chifukwa mzere ukapotoka pamenepa palibe njira yokonzera kupatula kumasula. Mizere yoyambirira ndi yovuta m'manja, singano zimaloza mbali zonse ndipo zimafuna kupulumuka, koma choluka chikatalika pang'ono chimazigwira chokha. Chofunika n'kukumbukira kuti nthawi iliyonse mukuluka ndi singano ziwiri zokha, zinazo zikungodikira.

Ndinaluka rib, kalukidwe kotanuka ka kukamwa kwa sokosi, posinthanitsa masititchi awiri a plain, olukidwa ulusi uli kumbuyo kwa singano, ndi awiri a purl, olukidwa ulusi uli kutsogolo, kwa masentimita 5, kenako plain yekha mozungulira mpaka mwendo unafika masentimita 16. Gawoli ndi losavuta, ndipo chongoyang'anira ndi pamene singano imodzi ikuthera ndi ina kuyambira, pomwe pamakonda kutsala mpata wotsika ngati ulusi sunakokedwe. Mankhwala ake ndi kukoka mwamphamvu pang'ono sititchi yachiwiri ya singano iliyonse. Mzere uliwonse ndikamaliza ndinkalemba kamzere m'kope.

Chidendene ndicho chimagwetsa mphwayi anthu ambiri, ndipo ndikufuna kufotokoza mofatsa, chifukwa chili ndi magawo atatu osiyana. Gawo loyamba ndi kansalu kophimba kumbuyo kwa chidendene. Ndinasonkhanitsa theka la masititchi, 24, pa singano imodzi, ena 24 ndinawasiya osawakhudza, ndipo ndinayamba kuluka mopita ndi kubwerera monga pa sikafu. Pamene kunja kwa sokosi kunali kondiyang'ana, ndinkasamutsa sititchi imodzi osailuka, n'kuluka yotsatira, motero mpaka kumapeto. Pobwerera ndinkasamutsa yoyamba yokha, ena onse n'kuluka purl. Kalukidwe kameneka kamachititsa kansaluko kukhala kochindikala, zomwe zikufunika pamalo pamene nsapato imakhula. Nditamaliza mizere 24, m'mphepete monse muwiri munaoneka timalupu tatitali 12, ndipo timeneti timagwira ntchito patsogolo.

Gawo lachiwiri ndi kukhotetsa, kuti choluka chimene chinkatsika ndi mwendo chiyambe kupita kunsi kwa phazi. Pa mzere woyamba ndinasamutsa sititchi imodzi, ndinaluka 13, ndinaluka awiri pamodzi, ndinaonjezera imodzi, kenako ndinatembenuza ntchito pakati pa mzere n'kusiya masititchi 7 osalukidwa. Pa mzere wobwerera ndinasamutsa imodzi, ndinaluka 5 a purl, awiri pamodzi, imodzi, n'kutembenuzanso, nakonso kutatsala 7. Kutembenuka mzere usanathe kunandidetsa nkhawa, ndipo ndinafunsa kuti, "Azakhali, kodi otsalawa sasiya bowo?" Iwo anayankha kuti, "Mwana wanga, mpata ukuuonawo ndiwo ukutsogolere, usauope." Ndipo zinalidi choncho, pakuti pamalo pamene munatembenukira pamaoneka kampata pakati pa masititchi awiri. Mzere uliwonse wotsatira mumasamutsa sititchi yoyamba, mumaluka mpaka patsale imodzi musanafike pakampatako, mumaluka pamodzi ya tsidya lino ndi ya tsidya linalo kuti mpatawo utsekeke, mumaonjezera imodzi, n'kutembenuza. Pa mizere iwiri yomaliza yoonjezera ija imakhala kulibe, mumangoluka awiri pamodzi. Masititchi a m'mbali atatha ndinatsala ndi 14, ndipo m'manja mwanga munali chidendene chozama ngati kachikho, chimene ndinachiyang'ana nthawi yaitali ndi chimwemwe chenicheni, poona kuti mizere yochepa chabe yasintha njira ya choluka chonse.

Gawo lachitatu ndi kubwerera ku kuluka kozungulira. Nditaluka masititchi 14 aja, ndinalowetsa singano m'timalupu 12 ta m'mphepete, n'kukoka ulusi pa kalikonse kuti pabadwe sititchi yatsopano. Pakona, pamene kansalu ka chidendene kakukumana ndi pamwamba pa phazi, ndinatola imodzi yoonjezera, chifukwa popanda iyo pamatsala kabowo komwe kamaonekera sokosi ikavalidwa. Kenako ndinaluka 24 omwe ankadikira aja, ndinatola imodzi pakona inayo ndi 12 mbali yachiwiri. Onse pamodzi anakwana 64, ndipo kuchuluka kumeneku n'koyenera, pakuti kuchokera kuchidendene kuzungulira pamwamba pa kakolo ndi pamene phazi ndi lalikulu kuposa pena paliponse. Kuti ndibwerere ku 48 ndinkachepetsa sititchi imodzi mbali iliyonse, pafupi ndi makona aja, mzere umodzi wochepetsa wina woluka chabe. Azakhali anandiuzanso kuti kwa munthu wa phazi lokwera pamwamba kapena lotupa kwambiri, kansalu ka chidendene kamatalikitsidwa ndi mizere ingapo kuti timalupu totola tichuluke. Kwa ine apa ndi pamene sokosi yoluka pamanja imaposa yogula, chifukwa imatsatira phazi la mwini wake.

Phazi lenilenilo ndi plain wozungulira basi. Ndinaluka mpaka kuchokera kumbuyo kwa chidendene panakwana masentimita 19 ndi theka, kusiya pafupifupi 4 ndi theka a zala. Ndi bwino kumuyesa mwini wake singano zikadali pomwepo, mosamala kuti masititchi asapulumuke, ndipo choluka chikaphimba chala chaching'ono ndiye kuti nthawi yochepetsa yakwana.

Pa zala ndinagawa masititchi pawiri, 24 pamwamba ndi 24 pansi. Pa theka lililonse ndinkaluka imodzi, awiri pamodzi, n'kupitiriza mpaka atatsala atatu, awiri pamodzi, imodzi, kotero mzere umodzi unkachotsa masititchi anayi. Awiri a kumayambiriro ndinkawaluka polowetsa singano kumbuyo kwawo, kuti mizere yochepetsayo ipendekere mkati mbali zonse ziwiri. Ndinkasinthanitsa mzere wochepetsa ndi woluka chabe mpaka anatsala 24, kenako ndinachepetsa mizere iwiri motsatizana mpaka anatsala 16, pamwamba 8 ndi pansi 8.

Kutseka kuli ndi njira yachidule yolowetsa ulusi m'masititchi onse n'kukoka, koma imasiya kamfundo kokhula zala, zomwe sindinafune pa phazi la munthu wokalamba. Ndinasankha njira yotchedwa Kitchener, yomwe imalumikiza mbali ziwirizo popanda msoko. Mumadula ulusi kusiya utali wa masentimita 30, mumaulowetsa m'singano yobuntha ya diso lalikulu, ndipo mumagwira singano ziwirizo mogundizana, ina kutsogolo ina kumbuyo. Poyamba mumalowa m'sititchi yoyamba yakutsogolo ngati mukuluka purl ndi yoyamba yakumbuyo ngati plain, zonse n'kuzisiya pomwepo. Kuchokera apo, kutsogolo mumalowa yoyamba ngati plain n'kuichotsa, yotsatira ngati purl n'kuisiya, ndipo kumbuyo mumalowa yoyamba ngati purl n'kuichotsa, yotsatira ngati plain n'kuisiya. Ntchitoyi imafuna malo abata ndi kuwala kwa masana, ndipo ulusi usakokedwe mwamphamvu, koma mofanana ndi masititchi oyandikana nawo. Nsonga zotsala ndinazibisa mkati poziyendetsa pansi pa masititchi angapo, osamanga mfundo.

Sokosi yachiwiri ndinaiyamba tsiku lomwelo, chifukwa azakhali akudziwa anthu ambiri amene anasangalala ndi yoyamba n'kusiyira pomwepo. Dzanja likazolowera limayamba kukoka ulusi mosiyanako, choncho ndinkatsatira timizere ta m'kope gawo ndi gawo, n'kumaika yatsopanoyo pamwamba pa yoyamba kuti ndione ngati zikulingana.

Chotsala ndi kachapidwe, ndipo ndinawafotokozera bwino amene amachapa zovala za amayi. Ubweya ukachapidwa ndi madzi otentha, kapena kukhulidwa ndi kumenyedwa pamwala monga timachitira ndi zovala zina, umafota n'kuuma moti sokosi ya wamkulu imasanduka ya mwana, ndipo sibwereranso. Masokosi otere amafuna madzi ozizira, sopo pang'ono, kuwafinya m'manja osawapota, ndi kuwayanika chogoneka pamthunzi. Ulusi umene unatsala ndinaukulunga n'kuusunga pamodzi ndi kope, kuti pansi pa chidendene pakadzayamba kupyapyala tidzapasoke ndi ulusi womwewo pasanabowoke.