Ephesus: Mzinda Umene Nyanja Inauthawa

Amene amawerenga Baibulo amaudziwa mzindawu ndi dzina la Efeso, kumene Paulo anakhala pafupifupi zaka zitatu. Mabwinja ake ali kumadzulo kwa Turkey, makilomita atatu kuchokera m'tauni ya Selçuk, ndipo Selçuk ili pafupifupi makilomita 80 kummwera kwa Izmir. Sitima yochokera pa siteshoni ya Basmane mu Izmir imaima pa bwalo la ndege la Adnan Menderes kenako n'kukafika ku Selçuk. Mukatsika, kwerani minibasi imene eni ake amaitcha dolmuş.

Zipata zilipo ziwiri, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa. Minibasi imakutulani ku chipata cha kumunsi, zomwe zikutanthauza kuti mudzayenda chokwera dzuwa lili paliwombo. Ndi bwino kulipira takisi kuti ikakusiyeni ku chipata cha kumtunda, muyende chotsika. Fikani akangotsegula kumene, chifukwa cha m'ma 10 koloko mabasi a alendo ochokera ku doko la Kuşadası amakhala atadzaza msewu. Mthunzi ndi wosowa. Miyala ya mabo ya mumsewu inasalala ndi mapazi a anthu, moti nsapato zosalala kunsi zimagwetsa munthu ngakhale kopanda mvula. Tengani madzi okwanira maola atatu.

Kuyenda chotsika kumathandizanso kuumvetsa mzindawu, chifukwa wonse unayang'ana ku doko. Anaumanga Agiriki, ndipo malo amene tikuwaona lerowa anasankha ndi Lysimachus, mmodzi wa akazembe a mfumu Alexander Wamkulu, cha m'ma 290 Yesu asanabadwe. Aroma anaulandira mu 133 Yesu asanabadwe, mfumu Attalus III ya ku Pergamon itawasiyira ufumu wake, ndipo pa nthawi ya Augustus, mfumu ya Aroma, unakhala likulu la chigawo cha Asia. Kumtunda kuli nyumba za boma. Mukatsika msewu wa Curetes mudzapeza kachisi wamng'ono wa Hadrian, mfumu ina ya Aroma, ndi zimbudzi za anthu onse, mipando ya mwala yondondozana, ngalande ya madzi ikuyenda pansi pake.

Kumanzere kwa msewuwu kuli nyumba za anthu olemera zomangidwa mosanjikizana pa mtsetse wa phiri, zofoleredwa ndi denga lamakono. Zimafuna tikiti yakeyake ndipo ambiri amazidumpha pofuna kusunga ndalama. Kumeneko n'kudzimana. Umu ndi mmene muli zithunzi za pa makoma, pansi pokongoletsedwa ndi timiyala ting'onoting'ono, mapaipi a dothi, ndi mipata ya pansi imene munkadutsa mpweya wotentha wofunditsa nyumba nthawi ya chisanu.

Kumapeto kwa msewu kuli laibulale ya Celsus. Anaimanga Tiberius Julius Aquila pokumbukira bambo ake, Tiberius Julius Celsus Polemaeanus, amene anali bwanamkubwa wa Asia, ndipo manda awo ali pansi pa nyumbayo. Munkasungidwa mipukutu pafupifupi 12,000. Yang'anitsitsani makoma: ndi awiri, mpata pakati, kuti chinyezi chisafike pa mipukutu. M'kati munapsa mu 262, khoma lakutsogolo linadzagwa pambuyo pake ndi chivomezi, ndipo lomwe laima lero analidzutsa akatswiri ofukula zakale pakati pa 1970 ndi 1978, pogwiritsa ntchito miyala yake yomweyo. Ziboliboli zinayi za pakhomo, Sophia, Arete, Ennoia ndi Episteme, si zenizeni. Zenizenizo zili ku Vienna, popeza akatswiri a ku Austria ndi amene akhala akufukula pano kuyambira 1895.

Bwalo la zisudzo linkalowa anthu pafupifupi 25,000. Muno ndi mmene munachitikira chipolowe cha pa Machitidwe 19, pamene Demetrius, wosula siliva, anaona kuti chiphunzitso cha Paulo chikupha malonda a tiakachisi ta mulungu wamkazi Artemis, khamu n'kufuula kwa maola awiri. Ngati mbali ya kumtunda ndi yotsegula, kwerani mukayang'ane kumadzulo. Msewu waukulu wa zipilala ukuchoka pa bwalolo kupita ku doko, koma ukuthera m'bango. Mtsinje wa Cayster, womwe lero umatchedwa Küçük Menderes, unkakokolola matope ndi mchenga n'kumazitula pa dokolo. Aroma anayesa kukumba mobwerezabwereza koma matope sanaleke. Doko linasanduka dambo, udzudzu unabweretsa malungo, zombo zinasiya kufika, ndipo anthu anasamukira ku phiri la Ayasuluk. Lero nyanja ili pa mtunda wa makilomita oposa asanu.

Musanatuluke, khoterani kumanzere mukaone mabwinja a tchalitchi cha Mariya, malo a msonkhano waukulu wa mabishopu wa mu 431. Anthu ochepa okha ndi amene amafikako.

Kachisi wa Artemis sali m'kati mwa mpanda. Ali m'mbali mwa msewu wobwerera ku Selçuk. Anali m'gulu la zodabwitsa zisanu ndi ziwiri za dziko lakale, wa zipilala 127 zotalika mamita pafupifupi 18. Munthu wina dzina lake Herostratus anatentha kachisiyu mu 356 Yesu asanabadwe pofuna kutchuka, ndipo anthu anamumanganso. Kachisiyu anakwiririka m'matope mpaka Mngelezi John Turtle Wood anamupeza mu 1869 atakumba zaka zisanu ndi chimodzi. Chatsala ndi chipilala chimodzi cholumikizidwa ndi zidutswa zosiyanasiyana, ndipo pamwamba pake dokowe amamangapo chisa. Mphindi 15 zikukwanirani pamenepo. Nthawi yotsalayo kaithereni ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Selçuk, komwe kuli ziboliboli ziwiri zikuluzikulu za Artemis zomwe zinafukulidwa mu 1956.