Za m'khola la nkhuku zija, imvani kwa mwini wake

Inde, ndinapezeka m'khola la nkhuku nditangomanga thaulo. Koma amene mukufalitsa kuti ndinkathawa wa katapila, Mulungu akukuonani. Ndinkathawa mdala wobweretsa nyuzi.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinakhala pansi ndi cholembera kufufuza choti ndidule pa bajeti. Nyuzi ndiyo inagwa m'mbuna. Nkhani zake ndimakhala nditaziona kale pa WhatsApp usiku, ndipo chomwe imagwira pakhomo pano n'kukoleza mbaula ndi kukutira makope a ana. Ndinaimba ku ofesi kwawo, iwo akuti ndingomuuza amene amabweretsayo. Mdala amene amakwera chitunda cha ku Chilomoni pa njinga yakapalasa, mvula kaya dzuwa, nkumanditchula kuti bwana! Inu mukanamuuza?

Tsikulo ndikutuluka kubafa, ndinangomva belu, ngiri ngiri. Mapazi anaganiza okha. Ndisanadziwe, ndinali nditanyonyomala pakona, maso ndi maso ndi thadzi lofungatira.

Ndinkati asiya nyuzi pakhonde azipita. Ayi. Mayi akunyumba anamupatsa mpando. Anamupatsanso tiyi. Kenako mdala anafunyulula nyuzi yanga, yomwe ndimalipira ine, nayamba kuwawerengera mokweza. Anayambira kumbuyo, za Maule ndi Manoma, nkuikapo ndemanga zake pa wapagolo. Anabwera ku mitengo ya feteleza. Anafika mpaka pa matenda, zoitanitsa makampani okonza misewu, akuwerenga ndi manambala omwe, ndipo mayi amene sanamangepo ngakhale kamlatho akuyankha kuti, "Eee, zoona?"

Muno utitiri unali utayamba msonkhano. Unalowera kuakakolo, nkukwera mwadongosolo mpaka kumene thaulo linalephera kulondera. Kukanda sindikanatha, chifukwa ndikangosuntha chala, thadzi lija limatukumuka ngati apongozi amene sanalandire moni. Mwendo wamanzere unafa. Wamanja unapita kukaulira. Ndinayamba kuloweza nkhope za nkhuku, ina ndinaikhululukira pa mlandu wa ndiwo za Khirisimasi.

Ndiye ndinamva mawu a mayi, okoma ngati uchi: "Paja munkafuna tambala, achimwene? Pitani mukasankhe nokha."

Munthu amene ndinalumbira naye kutchalitchi.

Chitseko chinatseguka. Mdala anandiyang'ana, anayang'ana thaulo, anavula chipewa. "Mwadzuka bwanji, bwana?" Nkhope osasintha ngakhale pang'ono. Ndinayankha kuti ndikuona za chitopa, nyengo ino n'njoopsa. Anavomereza kuti chitopa chavutadi, nandipatsira nyuzi momwemo, pamodzi ndi kabuku ka malisiti, poti mwezi unali utatha. Ndinasainira pabondo. Miyezi itatu, chifukwa akuti imatsikako mtengo.

Tambala anapita naye pa ngongole. Nyuzi ikubwerabe, ndipo masiku ano ndimawerenga ndi matenda omwe.