Tsiku lomwe ndinati madam ndi rooibos

Pakamwa pangapa pandipalamulitsa kangapo konse koma ulendo uwu mlandu wake unakathera m'mimba.

Zinayambira kuntchito nthawi ya break tili pa tiyi. Mnzanga wina amadandaula kuti chibwenzi chake changokwiya popanda chifukwa, ine pofuna kuoneka wodziwa zinthu ndinangoti aise, vuto lako ukuthira madzi owira pa green tea. Onse maso pa ine. Ndiye ndinayambapo, ndinati mkazi ali ngati green tea, safuna madzi obwata, amafuna a madigiri 80 basi, ndipo ukangomuiwala kupitirira mphindi zitatu amawawa moti sungameze. Mwamuna ndi black tea, ameneyo madzi awire kaye bwata bwata kenako umudikire mphindi zisanu kuti atulutse mtundu, ukapupuluma umwa madzi ofunda. Ndinawauzanso kuti awiriwa masamba ake ndi a mtengo umodzi, Camellia sinensis, kusiyana kwake n'koti black amasiyidwa kuti ade pomwe green amamutenthetsa msanga asanade. Wina anafunsa za Earl Grey, ndinati amenewo ndi azibambo aja ongonunkhira, fungo la bergamot kuyambira pakhomo koma ukalawa ndi tiyi wamba yemweyu. Masala chai ndi azimayi aja okuti mu kapu imodzi muli jinja, cardamom, sinamoni ndi tsabola, sudziwa kuti chakuwawa pakhosi ndi chiti. Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa, ine mtima mwaa, ndikudziona ngati pulofesa.

Ndikanasiyira pompo.

Madzulo kunyumba ndinapeza madam ali pa TV ndi mng'ono wawo yemwe anabwera kudzacheza, ndipo ndinabwereza zonse zija mwa dzitho, ndi manja omwe. Alamu anaseka. Madam sanaseke, anangoyika rimoti pansi pang'onopang'ono n'kufunsa kuti, "Nanga bambo a mwana, ineyo ndine tiyi uti?"

Apa munthu wanzeru amatsokomola n'kupita kukasamba. Ine ndinati rooibos. Ndipo cholinga chinali chabwino, ndinafotokoza kuti rooibos alibe caffeine ndiye sakusowetsa tulo, komanso olo umuiwale mu kapu theka la ola sawawa ayi, amangokomerakomera. Nkhope yawo inayamba kumasuka ndithu, kamwetulira kakubwera, koma kenako upulofesa uja unandikweranso ndipo ndinawonjezera kuti, "Ndipotu mukudziwa, rooibos si tiyi weniweni, ndi kachitsamba chabe komera kumapiri a Cederberg ku South Africa."

M'nyumba munangoti zii.

"Ooh. Ndiye ine si weniweni. Kachitsamba." Anagwedeza mutu. "Weniweniyo ndi ndani? Ndipo green tea ameneyu mwamudziwa bwanji kuti amafuna madigiri 80, munamuyeza ndi chani?" Alamu anadzuka kukayankha foni yomwe sinalire n'komwe.

Ndinayesa kukonza, ndinati ayi mayi, ndimatanthauza kuti ndinu osowa, rooibos samera paliponse. Anati ndiye kuti munayendayenda kufufuza eti. Chilichonse chomwe ndimanena chimabwerera ndi mano. Itakwana cha m'ma 10 ndinaganiza zopepesa mwa zochita, ndinalowa kukhitchini kuti ndiwapangire tiyi. Mu kabati ndinapeza kabokosi kobiriwira kali ndi chithunzi cha tsamba, sindinawerenge, katswiri amawerenga chani. Ndinaponya matumba atatu mu tipoti n'kuwasiya nthawi yaitali kuti akolere bwino, n'kuthira makapu awiri. Madam anayang'ana kapu, kenako anayang'ana ine, n'kuti, "Imwani nokha, si ndinu odziwa." Ndipo pofuna kuonetsa kuti sizinandikhudze ndinamwa makapu onse awiri ndili chiimire. Amamveka ngati udzu wonyowa koma ndinachita kunena kuti aaa, uyu ndiye tiyi.

Usiku ndinagona bwinobwino. Nkhani inayamba 8 koloko m'mawa ndili kutsogolo kwa abwana ndi anthu ena khumi, ndikupanga presentation. Ndili pa slide yachiwiri m'mimba munalira ngati wina akukoka tebulo chipinda chapamwamba. Ndinakweza mawu kuti ndibise. Munaliranso, ulendo uno ndi kamluzu kumapeto. Thukuta linatsika msana wonse, miyendo ndinaipanikiza, ndinangoti pepani bwana kamphindi, n'kutuluka moyenda ngati ndanyamula dzira pakati pa mawondo. Toilet ya pafupi inali ndi munthu, ndipo munthu wake wosapupuluma, amachita kuonera mavidiyo mkatimo ine ndikuvina panja. Ndinathamangira ya m'mwamba, masitepe aja ndimawerenga imodzi imodzi ndikupemphera.

Ndinatuluka mu meeting imeneyo kanayi. Kachitatu mnzanga wa chibwenzi chokwiya uja anandinong'oneza kuti, "Aise, black tea watulutsa mtundu?" Kachinayi abwana anangoti pitani mukapume, slide zotsalazo titumizireni.

Ndili chikhalire m'kachipinda kaja ndinawalembera madam pa WhatsApp kuti ndikufa kuno. Sanachedwe, anatumiza chithunzi cha kabokosi kaja, chala chawo chikuloza mawu akuti senna. Anali tiyi wa alamu wochepetsa thupi, wotsegula m'mimba pakadutsa maola 6 mpaka 12, ndipo pabokosipo analemba kuti thumba limodzi basi. Ine atatu.

Ndinafunsa kuti kodi munandiona ndikutenga? Anati eya, ndinakuonani. Ndinati nanga osandiuza bwanji mayi?

Kunaoneka kuti akutaipa, kusiya, kutaipanso. Kenako yankho linafika: "Kachitsamba sikalankhula."